Mamita Zana a Mayi Petherick

Ku Mangatiro kuno palibe amene sawadziwa Mayi Noeline Petherick, ndipo ngati alipo ndiye kuti sanaimikepo galimoto pamalo olakwika. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akugulitsa ulusi wolukira majuzi, mabatani ndi singano m'kasitolo kawo ka mumsewu waukulu, pakati pa banki ndi ometa tsitsi. M'mawa uliwonse amatuluka ndi tsache n'kusesa pakhomo, kulekezera ndendende pamene pathera khoma lawo. Zinyalalazo saziwola ayi. Amazikankhira kwa woyandikana naye, masana n'kupita kukamuuza kuti pakhomo pake pakuchititsa manyazi tauni.

Anabadwira pafamu ya nkhosa kumapiri uko, koma nkhani imeneyi saikonda. Anakwatiwa ndi Colin, kalaliki wa kumsika wa ziweto, bambo wofatsa amene anamwalira mwakachetechete monga momwe ankakhalira, ena amati pofuna kukapuma. Chimwalirireni Colin, mayiwa mphamvu zawo zonse anazithira m'makomiti: ya maluwa a kutchalitchi, ya chionetsero cha ulimi, ya kukongoletsa tauni. Ndi iwo anachotsetsa benchi ya pa positi ofesi, chifukwa choti anthu ankakhalapo.

Mwana anabereka mmodzi, Darrin. Pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anagwira ntchito yosenda nkhosa kufakitale ya nyama zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mpaka tsiku limene fakitaleyo inatsekedwa. Mkazi wake anatenga ana n'kuwolokera ku Australia, iye n'kutsala yekha m'kanyumba ka lendi, nambala 14 mumsewu wa Tannery, kutsidya kwa njanji, kumene anthu a mumsewu waukulu amangokudziwa podutsa pa galimoto mawindo atatseka. Wina akafunsa za iye, Mayi Petherick ankayankha kuti, "Darrin akupuma kaye," ngati kuti akunena za dokotala amene ali patchuthi.

Chaka cha 2013 boma linaloleza kugulitsa chamba chopanga kwa amene ali ndi chiphaso. Si chamba chomera m'munda chimenechi. Ndi masamba wamba ouma, owazidwa mankhwala amene ngakhale wogulitsayo sangakutchulireni dzina lake, n'kuikidwa m'timapaketi tonyezimira ta zithunzi za zinjoka. Wosuta amauma gwa ngati chipilala, kapena kusanza, kapena kugwa n'kuyamba kuphupha, ndipo akadzuka amafunanso china. Chiphaso cha ku Mangatiro anachipeza ndi Brent Sowman, mkulu wa chimimba ndi tcheni cha golide pakhosi, amene kale ankabwereketsa mafilimu. Sitolo yake inali zitseko ziwiri zokha kuchokera kwa Mayi Petherick.

Ikamakwana naini koloko m'mawa, mzere wa ogula kwa Brent unkakhala utafika kale pawindo la sitolo ya ulusi. Ndipo pamzerepo, tsiku ndi tsiku, mvula kaya chisanu, pankakhala Darrin ndi chipewa chake chofiira. Galimoto anagulitsa kalekale, ndiye ankayenda wapansi makilomita awiri kuchokera kutsidya.

Akagula sankabwerera nthawi yomweyo. Ankazungulira m'kanjira ka kuseri kodutsa galimoto ya zinyalala n'kukagogoda pachitseko chakumbuyo cha sitolo ya mayi ake, poti chakutsogolo anamuletsa. Kumbuyoko ankamupatsa payi yotentha, kabuledi kokhala ndi nyama m'kati, ndi tiyi wa shuga masipuni atatu. Iye ankadya ataimirira pakati pa makatoni, iwo akumulalatira.

"Taona m'mene waondera. Malayawo unachapa liti?"

"Dzana, Amayi."

"Dzana la chaka chiti? Bambo ako akanakuona chonchi akanafanso kachiwiri."

"Akanafa mokondwa. Akanathawanso phokoso."

"Pakamwa pokhapo ndiye sipaonda. Idya uzipita, kutsogoloku kuli anthu."

Mphindi khumi zimenezo ndi zokhazo zimene zinatsala pakati pa mayi ndi mwana. Payi ija ndi chakudya chokhacho chimene Darrin ankaika m'kamwa tsiku lonse, ndipo nthawi imeneyo ndi yokhayo imene munthu wina ankamuyang'ana kumaso n'kutsimikiza kuti akadali moyo. Tisawanamizire, Mayi Petherick mwana wawo ankamukonda. Ankadzuka m'mawa kukasankha okha payi ya nyama yambiri kwa wophika buledi. Koma akamuona pamzere paja, pamaso pa tauni yonse, chikondi chinkathawa n'kutsala manyazi okhaokha.

Amene anayatsa moto ndi Mayi Dulcie Farrant, mnzawo wa mukomiti ya maluwa, amene akhala akulimbirana naye mphoto ya masikono kuchionetsero kwa zaka makumi awiri. Tsiku lina anabwera kudzagula ulusi umene sankaufuna, n'kuima pawindo nthawi yaitali.

"Anzanga, masowa ayamba kundinamiza. Wa chipewa chofiira uyo si Darrin wathu?"

"Akudikira basi."

"Ooh, basi! Koma inu, basi inasiya kuima pamenepo a Colin akadali moyo. Adikira mpaka kalekale mwana wa anthu."

Madzulo a tsiku lomwelo Mayi Petherick anali atalemba kale chikalata cha dandaulo, mutu wake wakuti "Titeteze Ana Athu". Anachiika pakauntala pafupi ndi mabatani, ndipo palibe amene ankatuluka ndi singano asanasaine. Anayenda nacho kutchalitchi, kubwalo la mpira, ngakhale kunyumba ya okalamba, kumene ena anasaina poganiza kuti ndi za chakudya cha masana. Patatha masabata atatu anali ndi maina chikwi ndi mazana awiri, ndipo anakawaunjika patebulo la a Matiu Kereama, mkulu woona za mapulani kukhonsolo.

A Kereama ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, wotopa kale ndi makomiti a dziko lino. Anakulira kutsidya kwa njanji komweko. Anayang'ana mulu wa mapepalawo n'kupumira m'mwamba.

"Mayi, kuletsa sitingathe. Boma lalikulu linaloleza. Ife a khonsolo mphamvu tili nayo imodzi basi: kunena pamene sitolo yotere ingakhale ndi pamene singakhale."

"Ndiye nenani kuti isakhale pafupi ndi ine."

"Lamulo silingalembedwe choncho. Timatchula malo ofunika kuwateteza, monga sukulu ndi matchalitchi, n'kujambula mzere wozungulira malo aliwonse, mamita zana mbali zonse. M'kati mwa mzerewo sitoloyo singakhale."

Akanadziwa sakanawaphunzitsa. Mawa lake m'mawa anawapeza Mayi Petherick akuwadikira pakhomo pa ofesi, atavala nsapato zoyendera. A Kereama anatenga gudumu lawo loyezera, lija la chogwirira ngati ndodo limene limawerenga mamita likamagubuduka, ndipo tauni yonse inaonerera awiriwa akutsika msewu waukulu, bambo akukankha gudumu, mayi ali pambali maso ali pa manambala ngati akuyang'anira sikelo ya wogulitsa nyama wakuba.

Kuchokera kutchalitchi kufika pachitseko cha Brent anapeza mamita 112.

"Mwayambira pati?"

"Pachitseko cha tchalitchi, mayi."

"Mulungu amathera pachitseko? Kayambireni pampanda."

Anabwerera, nayambira pampanda. Mamita 104. Anayesa kuchokera kulaibulale, kunatalika. Anayesa kuchokera kusukulu ya mkaka, kunatalikiratu. Mayi Petherick anaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno, akuunguzaunguza, mpaka maso awo anagwera pachipilala cha asilikali amene anafera kunkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, chimene chili pamphambano.

"Nanga icho? Si malo opatulika amenewo?"

Gudumu linagubuduka n'kuima pa 97. Mayiwo anaomba m'manja pamsewu, chinthu chimene akanachiona wina akuchita akanakamunenera kupolisi. Choncho anyamata makumi atatu ndi mmodzi amene anaikidwa m'manda kutsidya kwa nyanja zaka pafupifupi zana zapitazo analowa pamndandanda wa anthu oyenera kutetezedwa ku chamba cha Brent.

Atalawa kukoma kwake sanafunenso kusiya. Anaonjezera dziwe losambira, holo ya amayi, chipatala cha mano, bwalo la okalamba loseweretsa mipira pa kapinga, ndi malo ena alionse amene iwo kapena anzawo a mukomiti amapondako. Pofika Novembala mapu a tauni anali atadzaza mizere yofiira yolowanalowana. A Kereama anawaitana n'kuyala mapuwo patebulo.

"Pali vuto, mayi. Pafunika patsale malo amodzi. Tikatseka paliponse, maloya a Brent akatigwetsa kukhoti tsiku limodzi. Adzati taletsa mwakabisira chinthu chimene boma linaloleza."

Chala cha Mayi Petherick chinayenda pamapupo, n'kuwoloka njanji, n'kukaima pamalo oyera.

"Nanga apa?"

"Umenewo ndi msewu wa Tannery."

"Pali sukulu?"

"Inatsekedwa."

"Tchalitchi?"

"Anagula munthu wina, amasungiramo udzu wa ng'ombe."

"Bwalo losewerera ana?"

"Takhala tikupempha kuyambira ine ndili mwana."

"Ndiye vuto lili pati?"

A Kereama anavula magalasi n'kuwaika pamapupo. "Mayi, mundilole ndilankhule ngati munthu, osati ngati khonsolo. Mumsewu umenewo nyumba yopanda anthu yoti n'kukhala sitolo ilipo imodzi yokha, galaja yakale ya matayala. Moyang'anizana ndi galajayo ndi nambala 14."

"Ndikudziwa amene amakhala pa 14. Pano tikukamba za ana, a Kereama, osati madoda a ndevu zawo amene anasankha okha njira."

"Chabwino. Ine ntchito yanga n'kukankha gudumu."

Ndiye musadzamve wina akunena kuti Mayi Petherick sankadziwa. Anauzidwa masanasana, ndi munthu wosaledzera. Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma Mayi Petherick anatola mwala n'kugenda, diso lili gwa. M'mutu mwawo anali atakonza kale kuti zonse ziyenda bwino: mzere uchoka pawindo, Dulcie atseka pakamwa, ndipo Darrin azibwerabe kuchitseko chakumbuyo kudzadya payi ngati kale. Sanadzifunse kuti chimene chinkamuyendetsa makilomita awiri m'mawa uliwonse chinali chiyani.

Tsiku lomva maganizo a anthu linali Lachiwiri, teni koloko m'mawa, muholo ya khonsolo. Mwambo wake ndi wakuti aliyense amalankhula mphindi zisanu, kalaliki n'kuliza kabelu, pakati n'kupumira tiyi. A kutsidya kwa njanji sanabwere ndi mmodzi yemwe, poti chidziwitso chinaikidwa m'nyuzipepala imene siwoloka njanji komanso pakhoma la laibulale. Mayi Petherick analankhula mphindi khumi ndi ziwiri ndipo kalaliki sanayerekeze kukhudza belu. Ananena za ana, za tsogolo, za asilikali a pachipilala. Pena mawu ananjenjemera, ndipo Mayi Farrant anawapatsa kampango kopukutira misozi.

Kenako anaitana Brent Sowman. Anthu anakhala tsonga kuti amuone akulira. Iye anaimirira, nakweza thalauza pachimimba chija.

"Ine mabwana ndilibe dandaulo. Lendi kumeneko ndi theka la kuno, komanso makasitomala anga ambiri ndi a komweko. Ndingothokoza Mayi Petherick chifukwa cha khama lawo. Ndatha."

Holo yonse inaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za munthu wogonja. Makhansala anakweza manja onse, lamulo linadutsa, ndipo anthu anakhamukira ku masikono.

Brent anasamuka kumayambiriro kwa Febuluwale. Pakhomo pa sitolo ya ulusi panayera. Nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha Mayi Petherick atagwira tsache, pansi pake palembedwa kuti ndi mayi amene anayeretsa msewu waukulu, ndipo khonsolo inawapatsa satifiketi ya nzika yachitsanzo imene anaipachika pamwamba pa kauntala. Makasitomala ankabwera kudzawagwira chanza. Masiku amenewo mayiwo ankayenda ngati pansi pano anapagula ndi ndalama zawo.

Tsiku loyamba Brent atachoka, payi inakhala mu uvuni mpaka masana n'kuuma. "Wakwiya," anatero Mayi Petherick mumtima. "Njala imubweretsa." Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Sabata inatha, chitseko chakumbuyo osagogodedwa. Anayesa foni ya Darrin, anapeza kuti inadulidwa. Ankagulabe payi m'mawa uliwonse, n'kuitaya m'bini madzulo ataikulunga m'pepala kuti wotola zinyalala asaione. Akamva phazi m'kanjira ka kuseri ankasiya kasitomala pakati pa chiganizo, koma ankapeza ndi mphaka kapena wa magetsi.

Munthu wina aliyense akanalowa m'galimoto n'kuwoloka njanji, ulendo wa mphindi zinayi. Koma galimoto yawo yoyera ija tauni yonse imaidziwa. Nanga wina akaiona itaima mumsewu wa Tannery, moyang'anizana ndi galaja ya Brent, mwini wake ali ndi satifiketi pakhoma? Manyazi anapha lambe. Anakhala choncho masabata asanu ndi limodzi, akudziuza kuti mwana wosayamika ayenera kuyamba ndiye kubwera.

Amene anawadzutsa ndi a Kereama omwe aja. Analowa m'sitolo Lachitatu lina masana, osagula kanthu, n'kudikira mpaka kasitomala atatuluka.

"Mayi, achemwali anga amakhala pa nambala 20. Akuti dzulo ambulansi inaima pa 14. Anamupeza atagwa pakapinga. Atatsitsimuka anakana kukwera."

"Mukundiuziranji zimenezi?"

"Ndimati mwina pali amene angafune kudziwa."

Apa ndiye mantha enieni anawagwira Mayi Petherick. Anatseka sitolo nthawi isanakwane, koyamba chimwalirireni Colin. Koma ngakhale mantha anali choncho, galimoto anakaiimika kusiteshoni ya sitima, n'kuvala magalasi akuda ndi chipewa chadzuwa, n'kutsiriza ulendowo wapansi.

Galaja ya matayala inali itapakidwa utoto wobiriwira. Pakhomo panali anthu asanu ndi awiri, dzuwa lili pamutu, ena atakhala m'ngalande. Mtsikana wina anali ataima pakati pa msewu atapinda msana, manja ali lende, osagwedezeka, ndipo galimoto zinkangomulambalala. Brent anali pakhomo akumwa khofi. Anawazindikira mayiwo ndi magalasi omwewo n'kuwakwezera kapu.

Darrin anali atakhala pamasitepe a nambala 14, ndowa ili pambali pake. Poyamba mayi ake anaganiza kuti ndi nkhalamba ina yobwera kudzacheza. Masaya anali atalowa, milomo itang'ambika, lamba atamuboola mabowo ena awiri. Fungo lochokera m'ndowamo linawabweza m'mbuyo. Kuseri kwake chitseko chinali chotsegula, ndipo pansi m'nyumbamo panali timapaketi tonyezimira mbwee.

"Darrin."

Anatukula mutu pang'onopang'ono. "Amayi? Mwasochera?"

"Bwanji sukubwera? Wadya liti?"

Anaganiza kanthawi, moona mtima, ngati munthu amene wafunsidwa funso lovuta. "Lolemba. Kapena Lamlungu. Pali mayi wina apo amandipatsa buledi."

"Taona m'mene wakhalira! Ukufuna kufa? Ukufuna anthu azinena chiyani?"

"Musakuwe, mutu ukundipweteka." Analavulira m'ndowa n'kupukuta pakamwa ndi dzanja. "Ndinakuonani m'nyuzipepala. Wina anakulungira tchipisi. Munatuluka bwino, ndi tsache lanu."

"Ndinachitira ana a tauni ino."

"Ayi, ine sindikudandaula. Mwandithandiza, Amayi. Kale ndinkagula kamodzi patsiku, poti miyendo inkakana ulendo wachiwiri. Paketi ikatha masana ndinkangogona n'kudikira mawa. Pano ndimangowoloka msewu. Kanayi, kasanu, mpaka Brent atseke."

Sankanyoza ayi. Akananyoza bwenzi zili bwino, poti mayiwo kuyankha chipongwe amakutha. Ankangofotokoza, ndi mawu ofooka a munthu amene akunena za nyengo. Mayi Petherick anavula magalasi aja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasowa wokamunenera.

"Mwana wanga, tamvera. Ubwere mawa kusitolo. Ndikusungira payi ziwiri. Ulowere... ulowere chitseko chilichonse chimene ukufuna."

Darrin anawayang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma modabwa. Kenako anagwira chitsulo cha masitepe n'kudzikoka mpaka kuimirira, akupapasa m'thumba kufuna makobidi, maso ali kale kutsidya kwa msewu.

"Kutauni ndikatani, Amayi? Kulibe chimene ndinasiyako."

Anatsika masitepe, nawadutsa, n'kuyamba kuwoloka akukoka miyendo. Mayi Petherick anatsegula pakamwa kuti amuitane ndi dzina, mokweza, msewu wonse umve. Koma asanatero anayamba acheuka uku ndi uku kuona ngati pali wowadziwa, ndipo pamene ankabweza maso, Darrin anali atalowa kale kwa Brent.